Asilikali alowe m'boma ndi voti osati mfuti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yakula pa bawo kuno ku Mphunzi. Anyamata ena, potopa ndi kudula kwa feteleza komanso katangale, akumati bola asilikali angolanda boma monga anachitira Ibrahim Traore ku Burkina Faso mu 2022. Ine ndati tiyambe taunika mbiri ya malemu Jerry Rawlings wa ku Ghana.

Mkuluyu anali katswiri woulutsa ndege zankhondo. Pomaliza maphunziro ake mu 1969 analandira chikho cha Speed Bird chifukwa choposa anzake onse pa luso loulutsa ndege. Pa 4 June 1979 iye ndi asilikali anzake analanda boma ponena kuti akufuna kuthana ndi mbava. Mwezi womwewo akuluakulu ankhondo asanu ndi atatu anaomberedwa, atatu mwa iwo anali atatsogolerapo dzikolo: Afrifa, Acheampong ndi Akuffo. Anapereka boma kwa Hilla Limann, koma pa 31 December 1981 analilandanso. Zipani zinaletsedwa, nyuzipepala zinatsekedwa pakamwa, ndipo mu 1982 majaji atatu anabedwa usiku n'kuphedwa. Kodi abale, zimenezi ndizo tikuzilakalaka?

Chimene chinampatsa ulemu Rawlings chinadza pambuyo. Anavula yunifolomu, n'kupempha mavoti mu 1992 ndi mu 1996, ndipo anapambana. Zaka zake zitakwana sanasinthe malamulo kuti akakamire mpando. Chipani chake chitagonja mu 2000, anapereka boma mwamtendere kwa John Kufuor wa chipani chotsutsa. Nchifukwa chake bungwe la African Union linamkhulupirira n'kumtuma kukathandiza za mtendere ku Somalia mu 2010. Komabe mpaka pomwe anamwalira mu 2020, mabanja a ophedwa aja anali asanaiwale.

Ife kuno tili ndi chuma chomwe ena akuchisowa. Bingu wa Mutharika atamwalira mu April 2012, General Henry Odillo ndi asilikali athu anaima pa malamulo mpaka Mayi Joyce Banda analumbira. Mu 2019 ndi 2020 anateteza anthu ochita zionetsero m'misewu, kenaka n'kubwerera ku Kamuzu Barracks. Mpando sanaukhumbire.

Sindikukana kuti msilikali angathe kutumikira bwino ngati phungu, nduna kapena kazembe. Mwambo ndi kusunga nthawi zimene amaphunzira ku usilikali zikusoweka m'maofesi athu ambiri. Koma ayambe wapuma ntchito, abwere kuno kumudzi adzatipemphe voti monga achitira ena onse. Wolowa ndi voti tingathe kumchotsa ndi voti. Nanga wolowa ndi mfuti tidzamchotsa ndi chiyani, makasu?

Achinyamata anzanga, safunsa anadya phula. Ukali wathuwu tikauonetse pa tsiku la chisankho.

Mlimi wodandaula,
Mphunzi, Dedza.