Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za madzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani ndili kumudzi kwathu m'boma la Machinga, komwe mjigo wathu unafa miyezi inayi yapitayo. Chogwirira chake tinachimanga ndi luzi kuti ana asamachiseweretse, ndipo pasimenti pomwe pamakhala mzere wa ndowa tambala asanalire, pano pagona mbuzi.

Musaganize kuti ndife anthu osasamala. Mayi anga ndiwo msungichuma wa komiti ya mjigo. Ali ndi kope la mayina a mabanja onse, ndipo mwezi ndi mwezi amayenda khomo ndi khomo kutolera K500. Wina amapereka mbale ya nandolo, wina amati "ndikagulitsa mpunga", nkhalamba sitizilipiritsa. Ndi ndalama imeneyi takhala tikugula labala ikatha, mabushi akadyeka, n'kumupatsa kangachepe makaniko wa m'dera amene amabwera pa njinga, sipanala atamangirira pakaliyala. Zaka zonsezi sitinakudandaulireni.

Ulendo uno zatikulira. Paipi ya mkati inang'ambika, ndodo zachitsulo n'kugwera pansi pa dzenje. Makaniko anayesa kuzivuula masiku awiri, kenaka anangokhala pansi n'kunena kuti pakufunika zida zomwe iye alibe. Mtengo wa mapaipi atsopano titaumva, mayi anatseka kope lawo osayankhula. Zipangizo zambiri za mjigo zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe timasonkha sizikufikanso pamtengo wake. Bungwe lomwe linatikumbira mjigowu linachoka kalekale. Tsiku lotipatsa anati, "Mjigowu ndi wanu." Tinavomera ndi nthungululu, osadziwa kuti mawuwo akutanthauzanso kuti pa tsiku la tsoka tidzakhala tokha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lino linadziwa kale njira yabwino. Mu 1968 anthu a ku Chingale m'boma la Zomba anakumba okha ngalande ndi makasu, kutsitsa madzi a m'phiri kudzera m'mapaipi popanda injini. Ntchitoyo inafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu ankapereka thukuta, boma n'kupereka mapaipi ndi alangizi omwe ankabwerabe kudzayendera mipopi ntchito itatha. Ngakhale mjigo wa Afridev womwe uli m'midzi yathu yambiriwu, mbewu yake inamera konkuno, pa ntchito ya ku Livulezi ku Ntcheu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti munthu wa kumudzi azitha kusintha yekha tizipangizo ting'onoting'ono. Sanaupange kuti mayi wogulitsa mandasi azivuula ndodo zogwera pansi pa nthaka.

Pano amayi abwerera kudambo, kukafukula mchenga n'kudikira kuti madzi adikhe. Sindifuna kukukumbutsani zambiri za kolera. Inayambira m'boma lathu lomwe lino mu Malichi 2022, ndipo isanazirale inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Ena mwa manda amenewo tinakumba ndi ife.

Pempho langa, a Nduna, ndi ili. Mukamakonza ndondomeko ya chuma, ikani ndalama yooneka yokonzera mijigo yakufa, ndipo ifike ku maofesi a madzi m'makhonsolo kuti wogwira ntchito kumeneko akhale ndi mafuta a njinga yamoto komanso zida zovuulira. Amakaniko a m'madera muwazindikire, aziphunzitsidwa kawirikawiri. Uzaninso aphungu ndi mabungwe kuti asanakumbe mjigo watsopano, ayambe afunsa kuti wakale uja unafa ndi chiyani. Ndikudziwa kuti kukonza mjigo kulibe mwambo wodula riboni, koma madzi ake amakoma chimodzimodzi.

Labala ndi mabushi tisiyireni, tipitiriza kugula tokha. Ndalama yomwe tasonkha pa miyezi inayiyi mayi akuisunga m'kachitini, sanachotsepo ngakhale tambala imodzi. Tikudikira munthu wobwera ndi zida.

Ine wanu,
Mwana wa msungichuma wa komiti ya mjigo, Machinga