Dzuwa lapendeka, koma ndime sinathe

Aliyense amene anakafunako thandizo m'maofesi a mu Victoria Avenue, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe analionapo jekete lija. Limakhala pampando kuyambira m'mamawa, lokolekedwa bwinobwino, magalasi ali patebulo pambali pa fayilo yotsekula. Ukafunsa mwini wake, achinyamata amayamba ayang'anana, kenaka mmodzi n'kuyankha kuti, "Angotuluka pang'ono, dikirani." Umadikira mpaka njala kukupweteka. Chilungamo chake onse m'chipindamo akuchidziwa: bambowo ali ku Machinjiri, akuwerenga matumba a simenti ndi kukangana ndi amisiri. Atsala ndi zaka zitatu kuti apume pantchito, koma mtima wawo unatsanzika kalekale.

Sitikunena izi monyoza. Nyumba ya ku Machinjiriyo ndi yofunika, ndipo munthu amene wakhala pa lendi ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni zaka makumi awiri ali ndi chifukwa chothamangira njerwa. Koma poti mumzinda wa Blantyre muno mwachuluka anthu amene akusankha kupuma asanakalambe, ndi bwino tikhale pansi tione kumene tachokera, ndiponso tifunsane kuti zaka zomaliza pantchito n'zochitira chiyani.

Makolo athu ambiri sanasankhe okha tsiku losiya ntchito. Amene anali akulu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mphepo imene inaomba pamene boma linayamba kugulitsa makampani ake, lamulo lake litakhazikitsidwa mu 1996. Njanji za Malawi Railways, zimene zinamanga mbiri ya Limbe, zinapita m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inagulidwa ndi a Mapeto mu 2003. M'zaka zimenezo, m'makampani osiyanasiyana, abambo ndi amayi ambiri anangolandira kalata ndi kenvulopu, n'kubwerera kunyumba masana dzuwa likuswa mtengo. Ndalama zija zinkatha chaka chisanathe, ndipo ena tinkawaona akuyenda wapansi kuchokera ku Ndirande kukafuna ulonda.

Nthawi yomweyonso matenda a Edzi anali atavuta. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Mmalawi wobadwa nthawi imeneyo sankayembekezeka kufika zaka 50. Anthu ankathera Loweruka lililonse kumanda, ndipo kukamba za ukalamba kunkamveka ngati maloto. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, zinthu zinasintha. Lero chiyembekezo cha moyo chinadutsa zaka 60, ndipo munthu wopuma ali ndi zaka 52 angathe kukhala ndi zaka makumi awiri kapena kuposerapo zoti adye, avale, alipire sukulu ndi kugula mankhwala.

Malamulo nawonso anasintha. Lamulo la penshoni la 2011 linalamula olemba ntchito kuti aike antchito awo pa penshoni: bwana aziponya K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Linatsegulanso khomo lopumira msanga, kuyambira zaka 50 zakubadwa kapena munthu akagwira zaka 20 zotsatizana kwa bwana mmodzi, pomwe m'boma zaka zopumira mokakamizidwa ndi 60. Lamulo latsopano la 2023 linafewetsa zina: wotsala ndi zaka zisanu kuti apume angathe kupatsidwako mpaka theka la ndalama zake, ndipo wochotsedwa ntchito amadikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi kuti atapeko ndalamazo. Mwayi wotere agogo athu sanaulawe.

Komabe mantha sanathe, ndipo ali ndi maziko. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu May 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene ankawerengera kuti penshoni yake imalizitsa nyumba ndi kugula chigayo anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ingokwanira malata. N'chifukwa chake ambiri akuti bola ndichoke msanga ndikadzionere ndekha, ndipo podikira tsikulo thupi lili muofesi, nzeru zili kupuloti. Ena atopa chifukwa anawadumpha powakweza. Ena akulamulidwa ndi mwana amene anamuphunzitsa okha ntchito. Zowawa izi ndi zenizeni, sitikuzichepetsa.

Koma maganizo athu ndi akuti kugwa ulesi m'zaka zomaliza ndi kudzibera wekha. Mlimi amene walima kuyambira mbandakucha sasiya khasu pakati pa mzere chifukwa choti dzuwa lapendeka. Amadziwa kuti ndime yosatha imamera udzu, ndipo odutsa m'njira amaona udzuwo, osati thukuta la m'mawa.

Tiyambe ndi za m'thumba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malipiro a mwezi uno ndiye fodya wapamphuno. Bizinesi ya nkhuku imene mukuilota ikadali pachala. Kawirikawiri malipiro a zaka zomaliza ndiwo aakulu kuposa onse amene munthu analandirapo, choncho K15 pa K100 iliyonse imene ikulowa kuthumba la penshoni miyezi imeneyi ndiyo yonenepa kwambiri. Kujomba, kuzemba masana ndi kuunjika machenjezo kungachotsetse munthu ntchito atatsala pang'ono kufika. Choopsa kuposa apo ndi mawu aja akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Alipo amene anasunga manja awo oyera zaka 25, n'kudzawadetsa m'chaka chomaliza poganiza kuti akutolera kamba wapaulendo. M'malo mwa phwando lotsanzikana, abale awo anakawaona kukhoti ku Chichiri.

Chachiwiri ndi luso. Lowani mufakitale ina iliyonse ku Makata kapena ku Chirimba, mukapeza mkulu wovala ovolosi yofwifwa amene makina amawadziwa ngati ana ake. Makina akayamba kulira mwachilendo, achinyamata amathamangira buku, koma iye amangoika nsonga ya sikuludilaiva pachitsulo, chogwirira chake n'kuchigunditsa kukhutu, n'kutseka maso. Pakapita kamphindi amaloza kuti, "Vuto lili apa, tsekulani." Akatsekula amapezadi kuti ndi pomwepo. Nzeru imeneyo sinalembedwe paliponse. Ili m'khutu ndi m'zala za munthu mmodzi, ndipo tsiku limene adzatuluke pageti komaliza idzatuluka naye, pokhapokha atasankha kuisiya. N'chimodzimodzi namwino amene amazindikira mwana wodwalitsitsa pamzere wautali asanamuyeze n'komwe, kapena mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Bangwe amene amatontholetsa kalasi yodzaza popanda kukweza mawu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, mzinda wa Blantyre wokha uli ndi anthu oposa 800,000, ndipo pafupifupi theka la anthu m'dziko muno anali osafika zaka 18. Ana amenewo ndiwo akugogoda pamageti athu ndi makalata a ku MUBAS ndi a m'masukulu a ntchito zamanja. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za dziko la mafakitale, koma fakitale siyenda ndi satifiketi yokha. Imayenda pamene wodziwa wakhala pansi ndi wophunzira. Tazindikiranso kuti palibe chimene chimadzutsa mtima wotopa kuposa kukhala ndi munthu woti umuphunzitse. Ukadziwa kuti mawa pali mtsikana amene akukudikira kuti umuonetse kutseka mabuku a mwezi, minibasi ya ku Chigumula umaikwera ndi chifukwa.

Chachitatu ndi mbiri. Blantyre amaoneka wamkulu ukamuonera pamwamba pa phiri la Soche, koma ndi mudzi. Amene munamudikiritsa tsiku lonse pabenchi mudzakumana naye mumsika wa Limbe, kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro. Mukadzatsekula golosale yanu ku Chilobwe, kapena mukadzafuna kaganyu kolangiza kampani ina, anthu sadzafunsa za chaka chimene munayamba ntchito. Adzakumbukira m'mene munamalizira. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wopuma msanga amafunika dzina labwino kuposa wopuma atakalamba, chifukwa iye akadali ndi ulendo wautali pakati pa anthu omwewo. Dzina labwino ndi penshoni imene kugwa kwa kwacha sikuikhudza.

Nanga kutsogoloku tichitenji? Kwa inu amene mukuwerenga miyezi pakalendala, tikuti zaka zotsalazi zipatseni ntchito yake. Sankhani chinthu chimodzi chimene mukufuna kuchisiya chili bwino: mafayilo amene akhala osokonekera chiyambire, kabuku kofotokoza kayendetsedwe ka gawo lanu, achinyamata awiri oti adzathe kuima paokha. Pitani kwa amene amasunga penshoni yanu, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ena, mukapemphe chikalata choonetsa ndalama zanu, muone ngati zonse zimene amakudulani zikufikadi. Onaninso mayina a amene munawalemba kuti adzalandire ndalamazo inu mutatsikira kulichete, poti mabanja ambiri ayambana chifukwa cha pepala limene linalembedwa munthu asanakwatire.

Bizinesi imene mukuiganiza iyeseni pang'onopang'ono Loweruka ndi masiku a tchuthi, mukadali ndi malipiro okugwirani mukapunthwa. Theka la penshoni limene lamulo likulola si mphatso; ndi chakudya cha ukalamba wanu chimene mwayamba kutapa. Musalithire lonse m'minibasi imene simudziwa n'komwe mtengo wa tayala lake. Thanani ndi ngongole za katapila tsiku lopuma lisanafike. Pogula malo, kumbukirani zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, ndipo musamange thukuta lanu lonse pamalo otsetsereka kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa choti puloti yatchipa. Kayezetseni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Khalaninso pansi ndi akunyumba, mugwirizane ngati mukhalabe m'tauni kapena mubwerera ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Ntcheu. Munthu amene zam'tsogolo zake wazikonza amagwira ntchito mtima uli m'malo, chifukwa chimene chimathamangitsa anthu ambiri muofesi si ulesi koma nkhawa.

Kwa olemba ntchito, mawu athu ndi olimba. Ulesi wa akuluakulu nthawi zambiri mumauweta ndinu. Munthu akangonena kuti akufuna kupuma, mumamuchotsa pamaphunziro, kumisonkhano simumuitana, mumamusiya pakona ngati mpando wothyoka, kenaka n'kumadabwa kuti wazilala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: apatseni udindo wophunzitsa ena, ndipo udindowo ulembedwe ndi kulemekezedwa. Maphunziro okonzekera kupuma aziyamba kutatsala zaka zisanu, osati sabata yotsanzikana. Munthu amene akumanga nyumba mupatseni masiku ake a tchuthi mwadongosolo kuti asachite kuba nthawi. Koposa zonse, perekani ndalama za penshoni kumene zikuyenera kupita. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabwana amene amadula antchito ndalama koma osazitumiza. Kumeneko ndi kuba, ndipo palibe chimene chimapha mtima wa wantchito ngati kuzindikira ali ndi zaka 50 kuti nkhokwe imene ankaithira chimanga ilibe pansi. Boma ndi mabungwe a antchito asaleke kukoka makutu a anthu otere.

Kwa achinyamata, musamaone mkulu wotsala pang'ono kupuma ngati chitsa chotchinga njira. Mpando udzakhala wanu ndithu, koma nzeru zake simudzazipeza m'kabati. Funsani lero akadalipo, ndipo kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbadwo wa m'ma 1990 unachotsedwa m'munda khasu lili m'manja. Mbadwo uno wapatsidwa mwayi wosankha tsiku loweruka, ndipo mwayi wotere umafuna ulemu. Bambo, mayi, inu amene mwatsala ndi zaka ziwiri kapena zitatu: mawa m'mawa mukakoleka jekete pampando, khalani pompo, thandizani amene ali pabenchi, itanani mwana uja mumuonetse ntchito. Malizani ndime yanu, kuti podzatuluka pageti komaliza anthu adzakuperekezeni ndi mtima wonse.