Za ubongo zisakhale za madokotala okha

Kuno ku Dedza mwana akagwa khunyu, ambiri amathamangira kwa sing'anga, ati walodzedwa. Chonsecho vuto limakhala mu ubongo, ndipo nthawi zina gwero lake ndi malungo aakulu kapena njoka za m'mimba zoyambira ku nyama ya nkhumba yosapsa.

Mu 2015 ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adapeza kuti chimene chimapha ana ambiri odwala malungo a mu ubongo n'kutupa kwa ubongowo. Nzeru zoterezi zafika kumudzi?

Ife tikuti wophunzira unamwino, uphunzitsi, ngakhale ulimi ku Bunda, apatsidwe mpata wophunzirako za ubongo pambali pa digiri yake. Mphunzitsi wodziwa sangapirikitse mwana wakhunyu m'kalasi poopa kutengera.

Akuluakulu a mayunivesite, imvani: madokotala ngochepa, ndipo mutu umodzi susenza denga.