Zipatala zitiuze: amayi angati akuchira pa opaleshoni?

Zotsatira za MSCE zikatuluka, timadziwa kuti pasukulu yakuti akhoza angati, ndipo makolo amayang'ana pomwepo posankha kotumiza mwana. Koma mayi woyembekezera akamasankha kokachira, nthawi zambiri amangouzidwa zoti abweretse zitenje ndi beseni. Zoti pachipatalapo amayi angati amachira pa opaleshoni, nanga pa zifukwa ziti, sauzidwa.

Bungwe la WHO linalengeza mu 2021 kuti ana 21 mwa 100 alionse padziko lapansi akubadwa pa opaleshoni, pomwe mu 1990 anali 7 okha. Ku Brazil amaposa theka. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa DHS wa 2015-16 anapeza 6 mwa 100, ndipo kumidzi vuto lenileni ndi loti mayi amafika ku fiyeta mochedwa. Mwana akapingasa kapena nsengwa ikatseka njira, opaleshoni imapulumutsa miyoyo iwiri. Amene amanyogodola mayi wotere kuti "sanabereke yekha" asiye, ngakhale atakhala apongozi.

Komabe mpeni si masewera. Chipsera cha pachiberekero chimakhala mpaka kalekale, ndipo pa mimba yotsatira chingathe kung'ambika. Komanso m'zipatala zolipira opaleshoni ndi yodula kuposa kuchira kwachibadwa, imatha msanga, ndipo tsiku lake limatheka kulikonzeratu. Sitikuloza chala dokotala aliyense. Tikungoti pamene pali ndalama ndi changu, pafunika kuwala. Dziko la Brazil litaona kuti m'zipatala zake zolipira ana oposa 80 mwa 100 akubadwa pa opaleshoni, mu 2015 linalamula makampani a inshuwalansi kuti mayi akafunsa, azimuuza ziwerengero za dokotala ndi chipatala chake.

Ena adzati ziwerengero zimanamiza, ndipo akunena zoona. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chimalandira amayi amene zavuta kwina, choncho chiwerengero chake chiyenera kukwera, monganso sitingayerekeze sekondale yogonera komweko ndi CDSS yopanda labu. Koma yankho lake lilipo kale. Kuyambira 2015, WHO imalimbikitsa njira ya Robson, yogawa amayi m'magulu 10 potengera zinthu ngati mimba yoyamba, mapasa, kagonedwe ka mwana ndi opaleshoni yam'mbuyo. Mukatero, mimba zoyamba zopanda vuto mumaziyerekeza ndi zinzake zomwezo.

Ife a Adventist timalalikira za umoyo Sabata ndi Sabata, ndiye zipatala zathu monga Malamulo ndi Blantyre Adventist, pamodzi ndi zina za CHAM, ziyambe ndizo. Zimate ziwerengerozi pakhoma la kusikelo chaka ndi chaka. Ndipo mayi asanatuluke m'wodi, namwino akhale naye pansi, iye mwini osati gadiyani yekha, amufotokozere m'chinenero chake chifukwa chimene anamuchitira opaleshoni, ndi kulemba chifukwacho m'buku lake lakuchipatala kuti mzamba wa pa mimba yotsatira adzachipeze.