Mlendo ndi Mame: Kojambula Zithunzi ku Dar es Salaam

Mwezi uno tikambirane za ulendo wa ku Dar es Salaam. Ife a kuno ku Kabwe, kaya ndi ku Makandanyama, ku Bwacha kapena ku Katondo, nyanja ya mcere timangoimva m'nkhani, popeza dziko lathu lazingidwa ndi maiko ena mbali zonse. Komabe khomo lopitira kumeneko tili nalo pafupi. Njanji ya TAZARA, imene inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China kuyambira 1970 kufikira 1975, iyambira ku Kapiri Mposhi, makilomita ngati 60 kumpoto kwa tauni yathu, nkuyenda makilomita 1,860 kukafika kugombe. Ena amadzera pa basi ya ku Nakonde ndi Tunduma. Ambiri amapitira malonda kapena kukatenga galimoto padoko, ndipo amakhalako masiku awiri kapena atatu cabe.

Pobwerera kunyumba, ana amathamangira ku foni nati, "Tionetseni nyanja." Apa ndipo ambiri amagwa manyazi, cifukwa m'fonimo muli mabelo a katundu, marisiti, ndi cithunzi cimodzi ca munthu wakuda bii ataima kutsogolo kwa madzi oyera mbee. Ulendo wotere umadya ndalama zambiri, ndipo kwa ena a ife sudzabwerezedwanso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cotero amene ali ndi nthawi yocepa ayenera kudziwiratu koyenera kupita asanakwere sitima.

Coyamba tiyang'ane dzuwa. Mzinda wa Dar es Salaam uli kugombe la kum'mawa kwa Africa, kotero dzuwa limatulukira m'nyanja ndi kulowera kumtunda. Amene afuna kuona dzuwa lofiira pamwamba pa madzi adzuke mbandakuca ndi kupita ku Coco Beach, ku dera la Oyster Bay. Nthawi imeneyi masitolo a ku Kariakoo amakhala asanatsegule, conco malonda sasokonezeka. Pofika masana dzuwa limakhala pamutu, maso amalowa mumthunzi, ndipo mcenga umanyezimira kwambiri. Madzulo, malo abwino ndi ku Slipway, kumadzulo kwa ndomo ya Msasani, kumene dzuwa limalowa kutsidya kwa madzi. Pojambula munthu, dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula kapena cam'mbali, kuti nkhope ioneke.

Tisaiwale kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Komanso m'Ciswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa: akanena kuti "saa moja asubuhi" atanthauza 7 koloko m'mawa. Popangana ndi woyendetsa takisi ndi bwino kumuonetsa nthawi yake pa wochi.

Caciwiri ndi madzi. Nyanja ya mcere siili ngati damu la Mulungushi ai. Kawiri pa tsiku imadzaza, kawirinso imaphwa, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Ikaphwa, madzi amathawira kutali nkusiya matope, miyala ndi ndere, mabwato atagona cam'mbali. Asodzi ndi anchito a kumalo ogona amadziwa ola limene madzi adzadzaze. Tiwafunse dzulo lake. Tidziwenso kuti mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira Marichi mpaka Meyi, pamene kuno kwathu ili kutha.

Cacitatu, tisankhe malo oyandikana. Misewu ya mzindawu imadzaza ndi magalimoto mwakuti munthu atha kutaya maola awiri ali m'basi. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwayi wake ngwakuti nyumba zakale zambiri zili mumzere umodzi m'mbali mwa doko, ndipo munthu atha kuziyendera wapansi m'mawa umodzi.

Tiyambire pa msewu wa Sokoine Drive. Pali Old Boma, imodzi mwa nyumba zakale koposa mumzindawu, yomangidwa m'zaka za m'ma 1860 pamene Sultan Majid wa ku Zanzibar anayamba kumanga mzinda umenewu. Pafupi pake pali chalichi cacikulu ca Yosefe Woyera, cimene amishoni a Cibenedikito ocokera ku Germany anamanga kuyambira 1897 kufikira 1902. Nsanja yake ndi yaitali, conco kuti ikwane m'cithunzi tiwoloke msewu ndi kuimika foni coongoka. Mkati muli mazenera a magalasi amitundumitundu. Tijambule Misa itatha, osati ili mkati. Patsogolo pang'ono pali Atiman House, nyumba ya ansembe a White Fathers, omwe ajanso anabweretsa Uthenga Wabwino kumpoto ndi kum'mawa kwa Zambia. Dzina lake likumbutsa Adrien Atiman, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana, naphunzira za mankhwala, natumikira monga sing'anga ndi mphunzitsi wa katekisimu ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mpaka imfa yake mu 1956.

Tikapitirira tifika pa chalichi ca Azania Front ca mpingo wa Lutheran, ca denga lofiira, cimene cinayamba kumangidwa mu 1898. Kumtunda pang'ono, pa Samora Avenue, pali ciboliboli ca Askari, coimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali ndi amtengatenga a Ciafirika a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Dzina la Kariakoo nalonso licokera ku gulu la amtengatenga omwewo, limene Angerezi ankaliti Carrier Corps. Kumapeto kwa msewu wa m'mbali mwa doko kuli msika wa nsomba wa Kivukoni. Kumeneko m'mamawa asodzi amatsitsa nsomba zimene kuno sitinazionepo, ndipo zombo zikuluzikulu zimadutsa pakhomo lopapatiza la doko, pafupi kwambiri ndi gombe.

Masana dzuwa likakula, tilowe m'nyumba ya National Museum, imene inatsegulidwa mu 1940. Kumeneko amasunga cigaza ca Zinjanthropus cimene Mary Leakey anafukula ku Olduvai mu 1959. Ife a ku Kabwe nkhani imeneyi imatikhudza, pakuti cigaza cimene cinapezeka mumgodi wathu wa Broken Hill mu 1921 cinatengedwa kupita ku London, ndipo Boma lathu lakhala likupempha kuti cibwerere. Tifunse pakhomo ngati kujambula nkololedwa.

Tsopano cenjezo. Pafupi ndi msika wa nsomba pali Ikulu, nyumba ya Pulezidenti. Ngakhale likulu la dzikolo linasamukira ku Dodoma, nyumba imeneyi ikali kulonderedwa ndi asilikali. Pamenepo, pa makampu a asilikali, pa maofesi a apolisi, ndi mkati mwa doko, foni ikhale m'thumba. Pa pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni tiwerenge zikwangwani ndi kufunsa anchito ake tisanatulutse kamera. Mlendo amene wagwidwa pa mlandu wotere atha kulandidwa foni, kucedwetsedwa tsiku lathunthu, mwinanso kusiyidwa ndi basi katundu atakwera kale. Safunsa anadya phula. M'misika yodzaza anthu tigwire foni ndi manja awiri, ndipo kugombe tisapite tokha kukada. Mcenga ndi madzi a mcere zimaononganso kamera, conco tiipukute ndi kansalu kouma.

Pali cinthu cinanso cimene lamulo silinena koma ulemu umafuna. Mayi wopala nsomba pamsika ali pa nchito yodyetsa ana ake, monga momwe alili amayi athu pa msika wa kuno. Ife sitingakondwere kuti mlendo atulukire ku Makandanyama ndi kuyamba kujambula ana athu ndi nyumba zathu osapereka moni. Anthu ambiri a kugombe ndi Asilamu, ndipo amayi ena safuna kujambulidwa ndi munthu wacilendo. Tiyambe ndi moni, kenaka tinene kuti, "Naomba kupiga picha," ndiko kuti, ndipempha kujambula cithunzi. Akakana, tithokoze ndi kupitirira. Akalola, tiwaonetse cithunzico, ndipo ngati nkotheka tigule kanthu pa malonda ao.

Amene ali ndi tsiku lina lapadera apite ku Bagamoyo, makilomita ngati 70 kumpoto kwa mzinda. Kumeneko ansembe a Mzimu Woyera anatsegula mishoni mu 1868. David Livingstone atamwalira mu 1873 kwa mfumu Chitambo, m'cigawo cathu comwe cino ca Pakati, Susi, Chuma ndi anzao ananyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kukafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874, ndipo unagonekedwa pa mishonipo usanawolotsedwe kupita ku Zanzibar. Nsanja ya chalichi cakaleco ikalipo. Mwana wa sukulu amene waona cithunzi ca atate ake ataima pansi pa nsanja imeneyo sadzaiwala phunziro la mbiri yakale limeneli.

Potsiriza, foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Tikafika kunyumba tisankhe zithunzi zisanu kapena khumi, tipite nazo ku situdiyo m'tauni kuti akazitsuke papepala. Kuseri kwa ciliconse tilembe dzina la malo, tsiku ndi caka, ndi maina a anthu amene alipo. Kenaka tikhale pansi ndi banja lonse, agogo ndi ana omwe, ndi kuwafotokozera zimene tinaona. Tionanenso mwezi wamawa.