Musamuseke Lazenby musanaonere filimu yake

Mkangano wa James Bond ukabuka, kaya ndi ku Leeds kaya ku Johannesburg, anthu amagawikana pawiri: ena Sean Connery, ena Daniel Craig. Wina akangotchula George Lazenby, basi phwete kuseka. Inu osekanu, tandiuzani: filimu ya On Her Majesty's Secret Service munaionera mpaka kumapeto, kapena mumangobwereza zomwe munamva kwa anzanu?

Zoona, mkuluyu sanali katswiri. Anali mnyamata wa ku Australia wojambulitsa zithunzi zotsatsa malonda, ndipo filimu ya 1969 imeneyi ndi yomwe anayambira. Penapake amayankhula mouma, sindikukana. Koma mlandu weniweni womwe anthu anamuzenga ndi woti sanali Connery, yemwe anali atasewera Bond kasanu. Abale anga, kusakhala Connery ndi mlandu?

Taonani zomwe anachita. Bond wa Connery saopa kanthu, akazi amangowasintha ngati malaya. Wa Lazenby, atathawa ku Piz Gloria, linga la Blofeld pamwamba pa phiri ku Switzerland, amakakhala pabenchi pakati pa chikhamu cha anthu, mphamvu zitamuthera, mantha ali pankhope. Womupulumutsa ndi mkazi, Tracy, yemwe anaseweredwa ndi Diana Rigg. Bond amamukonda zenizeni mpaka kumukwatira. Ukwati utangotha ku Portugal, Irma Bunt amawombera galimoto yawo, Tracy n'kufera pomwepo. Lazenby amangomufungatira mkazi wakeyo, mawu akunjenjemera. Palibe kubwezera, filimu n'kuthera pomwepo. Connery akanazitha zimenezi? Ine ndikukayika kwambiri.

Ndiye mumati Craig ndi amene anabweretsa Bond wokhala ndi mtima. Ayi ndithu! Craig anadzakolola mu 2006 m'munda womwe Lazenby analima zaka 37 m'mbuyomo. Ngakhale opanga No Time to Die ya 2021 ankaidziwa ngongole imeneyi: anatenga nyimbo ya Louis Armstrong ya m'filimu ya Lazenby yomweyi n'kutsekera nayo nkhani ya Craig.

Lazenby anakana yekha kupitiriza, ndipo Connery anabwerera mu 1971. Pamenepo mutha kumunena kuti anataya mwayi. Koma kutaya mwayi ndi nkhani ina, kulephera ntchito ndi inanso. Ipezeni filimuyi, muionere mwaiwala kaye za Connery. Mukafika pagalimoto ija m'mbali mwa msewu n'kusekabe, tilembereni, tidzakangane bwinobwino.