Labotale ya ku Blantyre ikhoza kufika ku Dzaleka

Kuchokera mu 2010, pomwe a Jesuit adayambitsa maphunziro aukachenjede a pa intaneti kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, othawa kwawo ankatenga madipuloma a Regis University ali mumsasa momwemo, ndipo kenaka Southern New Hampshire University idabwera ndi madigiri. Ambiri mwa maphunzirowa ndi a bizinesi ndi zachikhalidwe cha anthu. Uinjiniya wa magetsi ndiwo umavuta, chifukwa wophunzira amayenera kuyeza yekha pachipangizo chenicheni n'kuona nambala ikusemphana ndi ya m'buku. Zipangizo zotere zili ku mayunivesite a MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, pomwe wothawa kwawo sachoka mumsasa popanda chilolezo. Mu 2023 boma lidachita kutolera amene ankakhala m'matauni n'kuwabweza ku Dzaleka.

Njira yake ilipo kale. Pulogalamu ya iLab ya ku MIT ku America inkalola wophunzira kulemba pakompyuta zimene akufuna kuyeza, makina ali kutali n'kuyeza transistor yeniyeni, zotsatira n'kubwera pasikirini. Mayunivesite a Makerere, Dar es Salaam ndi Obafemi Awolowo adalowa nawo mothandizidwa ndi Carnegie Corporation. MUBAS ingalephere chiyani kulumikiza benchi imodzi ku intaneti, makamaka usiku labotale ikakhala yokhoma?

Ena ati injiniya wosagwirapo waya ndi wa papepala chabe. Akunena zoona, koma manja ku Dzaleka sakusowa ntchito: anyamata okonza mafoni pamsika amawotcherera timawaya tsiku lililonse. Chimene alibe ndi oscilloscope ndi makina ena odula, ndiye zimene labotale yakutali imapereka. Za intaneti yodukaduka ndi magetsi othimathima, kuyeza kwamtunduwu kumatumiza manambala ochepa, osati kanema, ndipo ntchito imadikira pamzere mpaka netiweki ibwere. Dandaulo lolemera ndi loti chuma cha yunivesite ya boma chiyambe chathandiza Amalawi. Pamenepa tikumbuke kuti maphunziro a mumsasa amalandiranso achinyamata a m'midzi yozungulira, ndipo benchi yolumikizidwayo siifunsa chiphaso. Mwana wa ku Mponela kapena ku Ntchisi, amene sukulu yake ilibe labotale, adzalowa pa adiresi yomweyo.